Phunziro la Mwezi Uno: Nyumba za Mapemphero za M'midzi

Mau oyamba kuwerenga: Machitidwe a Atumwi 16:11-15, Nehemiya 8:1-8, Mateyu 18:19-20.

Phunziro lathu la mwezi uno linena za chinthu chimene tichiona Sabata ndi Sabata, ndipo chifukwa cha kuchizolowera taleka kuchilingalira. Tinena za nyumba zazing'ono za mapemphero zimene zili m'midzi mwathu, zina za njerwa zootcha ndi malata, zina za zidina ndi udzu, zinanso chisakasa chabe patsinde pa mkuyu kapena mango. Pa kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a m'Malawi, anthu 84 akhala kumidzi. Tsono sitinama tikanena kuti Akristu ochuluka a dziko lino amva Mau a Mulungu kumudzi, kutali ndi machalichi akuluakulu a m'mizinda.

Koma pali mau ena amene amveka kawirikawiri Loweruka madzulo. Munthu afunsa mnzake kuti, "Kodi mawa kuli yani?" Mnzakeyo ayankha, "Kulibe abusa, kuli akulu a mpingo okha." Pomwepo wina akumbuka kuti kudimba kwauma, wina akumbuka msika, winanso ulendo wa kwa apongozi. Wolalikira nayenso, podziwa kuti abusa kulibe, agona osatsegula buku, nati, "Ndikaona komweko." Mau awa akuti "kulibe abusa" afooketsa mipingo yaing'ono yambiri, monga chiswe chidya mzati m'kati pamene kunja kuli kuoneka kwabwino. Chifukwa chake tifuna kuphunzira chinthu chimodzi, ndicho ichi: mapemphero a kumudzi ndi mapemphero athunthu pamaso pa Mulungu, ndipo kukoma kwake kapena kuipa kwake kuli m'manja mwa ife eni mudzi.

1. Kumene Eklesia anayambira

Tikawerenga Chipangano Chatsopano chonse, sitipezamo Akristu ali kumanga chalichi ngakhale chimodzi. Paulo ndi Sila atafika ku Filipi, m'dziko la Makedoniya, anatuluka mumzinda tsiku la Sabata napita kumtsinje, ndipo anapezako amai atasonkhana kuti apemphere. Mmodzi wa iwo anali Lidiya, wamalonda a nsalu za chibakuwa. Iye anakhulupirira, nabatizidwa pamodzi ndi a pabanja pake, ndipo posachedwa abale anayamba kukomana m'nyumba mwake. Mpingo uja umene Paulo anaulembera kalata yodzala ndi chimwemwe, ya kwa Afilipi, unayamba ndi amai owerengeka m'mbali mwa madzi. Ku Roma mpingo wina unasonkhana kwa Priska ndi Akula (Aroma 16:3-5), ku Laodikaya kwa Numfa (Akolose 4:15), ndipo wina kwa Filemoni. Atumwi sanakhale nayo mipingo imeneyi masiku onse ai. Anaika akulu mumpingo uliwonse, napitirira ulendo (Machitidwe 14:23, Tito 1:5). Tsono Masabata ochuluka a Akristu oyamba anali Masabata opanda mtumwi.

Mwambo wa Ayuda unati mapemphero a msonkhano afuna amuna khumi, ndipo akaperewera, mapemphero ena sachitika. Koma Ambuye Yesu analonjeza kukhala pakati pa anthu ake ngakhale chiwerengero chao chitsike kufikira awiri kapena atatu, malinga akomane m'dzina lake. Lonjezo ili ndilo maziko a nyumba iliyonse ya mapemphero ya kumudzi.

M'dziko la Syria, m'mbali mwa mtsinje wa Firate, munali mzinda wotchedwa Dura-Europos. Anthu ofukula zakale anapezamo, m'zaka za m'ma 1930, nyumba imene Akristu anapemphereramo cha m'ma 240. Inali nyumba yogonamo anthu monga zinzake; Akristu anagwetsa khoma la pakati pa zipinda ziwiri kuti chikhale chipinda chimodzi cholowa anthu ngati 70. Iyi ndi imodzi mwa nyumba zakale koposa za mapemphero a Chikristu zimene zidziwika, ndipo kukula kwake sikuposa nyumba zambiri za m'midzi mwathu. Machalichi akuluakulu anachuluka pambuyo pa chaka cha 313, mfumu Constantine italeka Akristu kuti apembedze poyera.

Nanga anachita chiyani posonkhana? Justin Martyr, amene analemba ku Roma cha m'ma 155, anafotokoza kuti tsiku loyamba la sabata Akristu a m'mizinda ndi a m'midzi ankakomana pamodzi. Ankawerenga zolemba za atumwi kapena za aneneri; wotsogolera ankachenjeza anthu kuti atsate zimene amva; onse ankaimirira ndi kupemphera; ankadya Mgonero; ndipo ankasonkha zothandizira amasiye, odwala, andende ndi alendo. Mkulu wa mpingo wa kumudzi akawerenga zimenezi azindikira kuti ntchito imene aigwira Sabata ndi yomweyo.

2. M'dziko lathu lino

Ifenso Uthenga unatifika mwa njira yomweyi. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre anayamba mu 1876, ndipo pa 28 Novembala 1889 a A.C. Murray ndi a T.C.B. Vlok anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Pambuyo pake panadza Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896. Koma amishoni anali owerengeka, ndipo midzi inali yosawerengeka. Amene anafika nao Uthenga m'midzimo ndiwo aphunzitsi a sukulu za m'midzi, zimene zinachuluka kufikira mazanamazana. Mphunzitsi ankapempha malo kwa nyakwawa, anthu nadula mitengo, namata dothi, nafolera udzu. Pakati pa sabata nyumbayo inali sukulu ya kuwerenga ndi kulemba. Tsiku la Sabata inali nyumba ya Mulungu. Mphunzitsi yemweyo ankaomba ng'oma, nayambitsa nyimbo, nalalikira, naphunzitsa a kalasi.

Tilingalire bwino zaka izi. Abusa oyamba achikuda a Blantyre, a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911, patapita zaka 35 chiyambire mishoni. A Matecheta anali atagwira kale ntchito ya ulaliki pakati pa Angoni ku Nthumbi kuyambira 1893, asanakhale mbusa. A Livingstonia anadzoza abusa ao oyamba mu 1914, ndipo a Nkhoma anadzoza a Andreya Namkumba ndi a Namon Katengeza mu 1925. Buku Lopatulika lathunthu m'Chinyanja linatuluka mu 1922. Ndiko kunena kuti mbadwo wathunthu wa makolo athu unabadwa m'chikhulupiriro, nukula, nuyamba kukalamba, uli kupembedza m'nyumba za udzu, wopanda mbusa wa mtundu wao, ndiponso uli ndi zigawo zokha za Malembo m'manja. Akadanena iwo kuti "kulibe abusa" ndi kubwerera kumunda, ife lero tikadakhala kuti?

Kufikira lero mbusa mmodzi ayang'anira nyumba za mapemphero zingapo, zina kutsidya kwa mitsinje, zina kuseri kwa mapiri, ndipo sangafike konse Sabata limodzi. Si ife tokha ai. Abale athu a Katolika nawonso ali ndi nthambi zimene akatekisti atsogolera pamene wansembe ali kwina, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe analimbikitsa miphakati, ndiyo timagulu ta Akristu okhala moyandikana, monga ife tili ndi milaga.

3. Chimene chisowa ndi chimene sichisowa

Tinene zoona: mbusa akapanda kufika, zilipo zina zimene sizichitika. M'malamulo a mpingo wathu ubatizo, Mgonero wa Ambuye ndi kudalitsa ukwati ndi ntchito za mbusa wodzozedwa, ndipo mkulu kapena mlaliki asaziyese. Tiyenera kulemekeza dongosolo ili ndi kulakalaka tsiku limene abusa adzabwera.

Koma tiwerenge zimene zitsala. Mau a Mulungu alipo. Pemphero lilipo. Nyimbo zilipo, chopereka chilipo, chiyanjano cha abale chilipo, ndipo Mwini mpingo alipo monga analonjeza. Mwana amene adya nsima ya mai wake tsiku ndi tsiku ndiye akula. Phwando la ukwati libwera kamodzikamodzi. Mapemphero a Sabata ndi Sabata ndiwo nsima ya mpingo. Mkristu amene angoonekera tsiku la Mgonero afanana ndi munthu wofuna kukhala ndi moyo ndi maphwando okha.

4. Kayendetsedwe ka mapemphero

Paulo anauza Akorinto kuti mumsonkhano zonse ziziyenda mwaulemu ndi mwadongosolo (1 Akorinto 14:40). Tione tsono mbali zake imodziimodzi.

Belu. M'midzi yambiri belu ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chofunika ndi chakuti lilire pa nthawi yake. Mpingo ukapangana kuyamba 9 koloko, uyambe 9 koloko, ngakhale alipo anthu asanu okha. Tikamadikira ochedwa tilanga ofulumira, ndipo Sabata lotsatira iwonso adzachedwa. Kale anthu ankayang'ana dzuwa; lero lamya za m'manja zionetsa nthawi m'midzi momwe, kotero chodzikanira chachepa.

Nyimbo. Woyambitsa nyimbo adziwe nyimbozo Sabata lisanafike, ndipo aziyambitsa pa mau amene agogo ndi ana angathe kufikapo. Asankhe zogwirizana ndi mau a tsikulo. Popeza ambiri alibe buku la Nyimbo za Mulungu, nkwabwino kuwerenga ndime momveka anthu asanaimbe. Makwaya ndi dalitso, ndipo agwira achinyamata athu ambiri. Koma kumene makwaya anai aimba nyimbo ziwiriziwiri, mpingo wonse usanduka oonerera, ndipo nthawi ya Mau ithera pomwepo. Tisayesenso kuti nyimbo yabwino ndi yochokera kutali yokha. Kumpoto a Mawelera Tembo ndi a Peter Thole anapeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a Chingoni, ndipo mipingo iziimbabe. Zinabadwira m'midzi monga yathu.

Pemphero. Wopemphera pamaso pa mpingo ayankhula m'malo mwa onse. Chifukwa chake akweze mau kuti onse athe kuvomera Amen. Asalalikire m'pemphero, ndipo asadzudzule mnzake maso ali chitsinzire. Ayambe ndi kuyamika, aulule machimo, ndipo apempherere zinthu zenizeni za mudziwo: mvula, mbeu za kumunda, odwala, amai oyembekezera, ana a sukulu, amene anapita kukafuna ntchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, mafumu ndi onse olamulira (1 Timoteo 2:1-2). Pano mpingo waung'ono uli ndi mwai woposa waukulu, pakuti udziwa nkhosa zake ndi maina.

Kuwerenga. Apa tichedwepo pang'ono. M'nyumba iliyonse ya mapemphero muli anthu osadziwa kuwerenga, muli okalamba amene maso ao achita chidima, mulinso ambiri opanda Buku Lopatulika kunyumba. Kwa iwowa, ndime zimene ziwerengedwa Sabata ndizo Malembo ao a sabata yonse. Wowerenga akamadodoma, akamameza mau, akamathamanga ngati afuna kuthawa mvula, awalanda chakudya chao. M'masiku a Nehemiya, Ezara anaima pamalo okwera kuti onse amuone, ndipo Alevi anathandiza anthu kumva tanthauzo la zowerengedwazo. Tsono wowerenga auzidwe ndime zake pofika Lachinai. Aziwerenge kunyumba mokweza katatu, afunse katchulidwe ka maina ovuta, adziwe popumira. Mwana wa sukulu wowerenga bwino angathe kupatsidwa ntchito iyi, ndipo mkulu asaone ngati wachepetsedwa.

Ulaliki. Mkulu wa mpingo ndi mlimi, kapena mmisiri, kapena wamalonda, ndipo sabata yake ili yodzala ndi ntchito. Tidziwa zimenezi. Koma munda wosalimidwa subala chifukwa chakuti mwini wake anatanganidwa. Wolalikira atenge mau ake Lolemba, awawerenge m'mawa uliwonse, apite nawo kumunda mumtima. Adzifunse mafunso atatu: Mau awa anena chiyani? Anena chiyani kwa ine? Anena chiyani kwa anthu a mudzi uno? Akapeza mfundo imodzi yomveka, aigwiritse, aimasulire, aipatse chitsanzo, ndipo akhale pansi. Mfundo imodzi imene mai adzaikumbuka ali pamtondo Lachitatu iposa mfundo khumi zimene zitsalira pakhomo la chalichi. Zitsanzo asazifune kutali. Ambuye anaphunzitsa ndi mbeu, nkhosa, nyali, mchere ndi ndalama yotayika m'nyumba. Ife tili ndi nkhokwe, nankafumbwe, mjigo, khola ndi dimba. Ngati mau amkanika, apite kwa mlaliki kapena kwa mkulu mnzake sabata isanathe, pakuti kufunsa ndi kudziwa njira. Ndipo akumbuke za Utiko wa ku Trowa, amene anagwidwa tulo ngakhale wolalikira anali Paulo mwini. Ife sitili Paulo, ndipo anthu athu akhalira mipando ya dothi yopanda potsamira.

Chopereka. Ndalama za mpingo waung'ono ndi zochepa, koma milandu yake ndi yaikulu. Paulo anasamala kuti ndalama za oyera mtima zisanyamulidwe ndi munthu mmodzi, kuti pasakhale womnenera zoipa (2 Akorinto 8:18-21). Chomwecho atumiki awiri awerenge chopereka mapemphero atangotha, achilembe m'buku, ndipo mpingo uuzidwe. Pa nyengo ya masika, pamene anthu abwera ndi chimanga, mtedza, nyemba ndi nkhuku, zonse zilembedwe tsiku lomwelo. Wosauka amene wabwera ndi dzira limodzi alandiridwe ndi nkhope yomwe tilandira nayo wa thumba, pokumbukira mai wamasiye wa pa Marko 12.

Zolengeza. Zikhale zazifupi. Kumene zolengeza zitalika kuposa ulaliki, anthu apita kwao ali kukumbuka za msonkhamsonkha, Mau ataiwalika. Nkhani zofuna kukambirana zidikire mapemphero atsekedwe.

5. Zovuta zake za kumudzi

Mumzinda munthu akhala pampando umodzi ndi mlendo amene sadziwa ndi dzina lomwe. Kumudzi si kotero. Wolalikira ndi malume a wina, ndi mpongozi wa wina, ndiponso ndi amene mbuzi zake zinadya chimanga cha wina mwezi watha. Onse adziwana kuyambira ubwana. Ichi ndi mphamvu ya mpingo wa kumudzi, ndiponso ndi yesero lake.

Choyamba, anthu amva ulaliki ndi maso. Mkulu amene Lachisanu anaoneka akusuntha malire a munda wa mai wamasiye sadzamveka Sabata, ngakhale alalikire ngati mngelo. Kumudzi kulibe kobisala, ndipo khalidwe la wolalikira lifika pagome iye asanafike.

Chachiwiri, gome la Mau si bwalo la milandu. Alipo ena amene asunga mkwiyo sabata yonse, nadzautulutsa mu ulaliki, osatchula dzina, koma mwa njira yakuti ndi mwana yemwe adziwa wonenedwayo. Wolasidwayo sangayankhe, angotuluka, ndipo mbumba yake yonse ituluka naye. Mumpingo wa anthu 40, banja limodzi likachoka nyumba ioneka yopanda anthu. Ambuye anatipatsa njira yake: tiyambe takomana ndi mbale wathu patokha, pambuyo pake titenge mboni, ndipo potsiriza nkhani ifike ku mpingo (Mateyu 18:15-17). Anatinso woyandikira kukapereka mphatso ayambe wayanjana ndi mbale wake (Mateyu 5:23-24). Ngakhale ku Filipi kuja kunali amai awiri, Euodiya ndi Suntuke, amene anasemphana, ndipo Paulo anapempha mnzake wa ntchito kuti awathandize. Akulu asadikire kuti moto ufike padenga. Makamaka pamene pachitika imfa yadzidzidzi, anthu nayamba kulozana zala za ufiti, akulu afulumire kuima pakati, pakuti kawirikawiri wolozedwayo ndi nkhalamba yopanda woiteteza, ndipo Sabata lapitalo tinaimba nayo nyimbo imodzi.

Chachitatu ndi cha pokhala. Mfumu ya mudzi ilandire ulemu wake, pakuti Malembo atero, ndipo nthawi zambiri malo amene pali nyumba yathu inapereka ndi iyo. Koma Yakobo atichenjeza kuti tisapatse wovala bwino mpando ndi kukankhira wausiwa kukhomo (Yakobo 2:1-4). Amene ayenera kukhala pafupi ndi gome ndiwo ogontha makutu ndi okalamba. Ana asathamangitsidwe ngati nkhuku. Akhale ndi Sande sukulu yao, ndipo polowa ndi akulu apatsidwe mphasa kutsogolo. Mlendo alonjeredwe asanakhale pansi, ndipo asabwerere osamwa madzi.

Chachinai ndi nyengo. Dzinja likafika mitsinje idzala, njira ziterera, ndipo mwezi wa Febuluwale nkhokwe zambiri zili pululu. Anthu apita kuganyu, ena alibe sopo, ena alibe mphamvu yoyendera. Chiwerengero chitsika, ndipo mtima wa mkulu ugwa. Koma nyengo imeneyi ndiyo imene nyumba ya mapemphero ifunika koposa. Chitseko chisatsekedwe. Ngati mtsinje wagawa mpingo pawiri, a tsidya lino apemphere kuno, a tsidya ilo apemphere pakhonde la mmodzi wa iwo. Atumiki ndi amai a Chigwirizano, chimene chinayamba mu 1940, aone nyumba imene simunafuke utsi, ndipo mpingo ugawane kochepa komweko. Maliro akagwa pa Sabata, akulu apangane ndi mfumu ndi eni maliro za nthawi, kuti olira atonthozedwe ndi Mau ndiponso tsiku la Ambuye lisapite chabe.

6. Za nyumba yeniyeniyo

Mulungu sakhala m'nyumba zomangidwa ndi manja. Komabe mneneri Hagai anadzudzula anthu amene anakongoletsa nyumba zao nasiya ya Mulungu ili bwinja. Munthu wachikunja wodutsa panjira sawerenga Katekisma wathu, koma aona denga lathu. Akaona udzu wovunda, mbuzi zili kugona m'kati, ndowe za mileme pagome, adziwa mtengo umene taika pa chipembedzo chathu.

Ntchito ili ndi nyengo zake, monga ulimi. Udzu umwetedwe m'miyezi ya Juni ndi Julaye moto wa tchire usanautenthe. Njerwa ziumbidwe m'chilimwe, ndipo denga lifoleredwe mvula yoyamba isanagwe. Amai azire pansi, anyamata alambule bwalo, akulu ayang'ane mizati ndi phaso ngati mwalowa chiswe. Mazenera akhale otakata, kuti mphepo ilowe ndi kuti owerenga aone. Chimbudzi chikumbidwe, chikhale ndi chitseko ndi madzi osamba m'manja. Ndipo popeza kuotcha njerwa kutha mitengo yambiri, mpingo umene uotcha ubzalenso mitengo pamalo pake.

Nkwabwino kulakalaka malata ndi simenti. Koma tisakhale manja lende kudikira wachifundo wochokera kutali, nyumba ili kugwa. Tichenjerenso ndi mphatso zimene zibwera masankho akayandikira, pakuti zina zibwera ndi chingwe, ndipo wolandira apezeka kuti gome la Mau lasanduka nsanja ya wopereka. Chalichi chachikulu cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 motsogozedwa ndi a David Clement Scott, njerwa zake zinaumbidwa pomwepo, ndipo amene anaziika ndi anthu a dziko lino amene anaphunzira umisiri ntchito ili m'kati. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu ya mudzi umodzi ikhoza.

7. Tsiku limene abusa abwera

Mpingo umene wasunga bwino Masabata ake ndiwo ukondwera koposa abusa akafika. A kalasi akhala ataphunzitsidwa, mabuku a maina ndi a chopereka ali olongosoka, osemphana ayanjanitsidwa kale, ndipo onse afika ku Mgonero ndi mitima yokonzeka. Ngati Mgonero uchitikira ku chalichi chachikulu, achinyamata atenge okalamba panjinga kapena pangolo, ndipo akulu auze abusa za odwala amene sangathe kuyenda. Pamenepo Akristu a nyumba zazing'ono zambiri aona ndi maso kuti ali thupi limodzi, ndipo abwerera kwao atalimba mtima. Mbusa athirira zimene akulu analima. Akapeza tsala, tsiku limodzi silimkwanira kuswa mphanje.

Mafunso okambirana m'milaga ndi m'bwalo la akulu

1. Tchulani nyumba zitatu za m'Chipangano Chatsopano m'mene mipingo inasonkhana.
2. Ndi zinthu ziti zimene zidikira mbusa, ndipo ndi ziti zimene sizidikira?
3. Kwanuko wowerenga ndi wolalikira auzidwa mau ao tsiku liti?
4. Sabata lapitali, ndi chiti chinatenga nthawi yaitali: makwaya, zolengeza kapena Mau?
5. Alipo kodi amene analeka kubwera chifukwa cha mau olasa kapena mlandu wa kumudzi? Adzapita kukamuona ndani, ndipo liti?
6. Pa nyumba yanu ya mapemphero pali chiyani chofunika kukonza mvula isanagwe?

Abale, Sabata likudzali m'midzi yambiri abusa sadzafika. Belu lilire pa nthawi yake, wowerenga abwere atakonzeka, wolalikira abwere atapemphera, ndipo aliyense atenge mnansi wake panjira. Wina akafunsa kuti, "Kodi mawa kuli yani?" timuyankhe kuti, "Kuli Ambuye ndi anthu ake, tiyeni." Mulungu wa mtendere asunge mipingo yake yonse ya m'midzi, ndipo alimbitse manja a onse oitumikira. Amen.